Fomu ya Adadi

Fomuyo inabwera mu envelopu yabulauni, ija imene aliyense wa mumsewu wa kwa a Keeley m'tauni ya Hartlepool amaizindikira isanagwe n'komwe pansi. Zaka zitatu zinali zitakwana, ndipo a boma ankafuna kuonanso ngati bambo ake, a Malcolm, anali oyenerabe kulandira ndalama ya aulumali.

Manja a Malcolm anasiya kale kugwira cholembera. Matenda a mitsempha ndi amene anawatsitsa padenga, pomwe ankagwira ntchito yofolera nyumba, n'kuwakhazika pampando wa pawindo. Choncho ntchito yolemba inagwera Keeley, amene anali atangokhoza kumene mayeso a sekondale. Anali mtsikana wosayankhulayankhula, amene aphunzitsi ankamudziwa ndi zolemba zake osati mawu ake.

"Alembe loya wathuyu," anatero amayi ake, a Bev, akuvala jasi. "Ine ndi mafomu sitimwerana madzi. Ndipo iwe Malcolm, zako zija zomati 'palibe chodandaula' lero uzisiye. Unene zenizeni, wamva?"

"Tapita kumsika, mayi iwe. Utilalikira mpaka mawa?"

Masamba oyamba anayenda ndi nthabwala.

"Akufunsa ngati mumatha kudziphikira."

"Lemba kuti ndinkapsereza ndi madzi omwe ndili bwinobwino."

Atafika patsamba lofunsa za kusamba ndi kupita kuchimbudzi, Keeley anawerenga funsolo mothamanga, maso ali papepala. Bambo ake anayang'ana denga la nyumba ya kutsidya kwa msewu.

"Lemba kuti amayi ako ndi amene amandisambitsa," anatero mawu ali pansi. "Lemba kuti kawiri kapena katatu pa sabata sindifika kuchimbudzi m'nthawi yake. Ndimadzionongera. Lembanso kuti mwezi watha ndinagwa m'bafa, ndinagona pansi pozizira mpaka amayi ako atabwera kuchokera kwa azakhali ako."

Keeley sankazidziwa zimenezi. Ankangomva makina ochapira akulira m'mawa uliwonse, n'kumati amayi ake ndi aukhondo wopyola muyeso. Anaganiza za munthu wina muofesi ya kutali, kapu ya tiyi ili pambali, akuwerenga mawu amenewo, mwinanso n'kuitana mnzake kuti adzaone. Bambo ake amenewa, amene anafolera theka la nyumba za mumsewuwo! Kusukulu, powaphunzitsa kulemba kalata yopempha malo kukoleji, aphunzitsi ankabwereza chinthu chimodzi: osalemba zimene sungathe, lemba zimene ungathe.

Pambuyo pake ankafuna kudziuza kuti cholembera chinayenda chokha, koma si zoona. Liwu lililonse analisankha yekha. Analemba kuti: Ndimasamba ndekha, nthawi zina ndi chithandizo chochepa. Ndimayesetsa kudzidalira pa zonse. Za kugwa sanalembe.

"Walemba?"

"Ndalemba, adadi."

"Basi. Tisadzazikambenso."

Anasaina ndi kamzere kokhotakhota osawerenga, poti zilembo zing'onozing'ono zinkawavina m'maso. Keeley anamata envelopu amayi ake asanabwere, n'kukaiponya yekha.

Patatha miyezi iwiri mayi wina wa kuofesiko anaimba foni kudzafunsa mafunso owonjezera. Keeley anakhala pamasitepe n'kumamvetsera. Atamva mawu a mlendo, bambo ake anabwerera ku chizolowezi chawo.

"Aa, tilipo mayi, palibe chodandaula. Ena ali pamavuto kuposa ife."

A Bev anawagenda ndi kansalu kopukutira mbale, koma mawu anali atatuluka kale.

Kalata inafika mu Okutobala: ndalama ya aulumali yaimitsidwa. Keeley ankaganiza kuti nkhani ithera pa ndalama imodziyo. Sankadziwa kuti zina zonse zinakolowekedwa pa iyo ngati majasi pamsomali umodzi. Sabata yotsatira kunabwera kalata yoti ndalama imene a Bev ankalandira monga wosamalira wodwala yatha, popeza pamapepala wodwala wofuna kusamalidwa panalibenso. Kenako a kampani yobwereketsa galimoto analemba kuti galimoto imene banjalo linkayendera, ya mpando wozungulira wothandiza a Malcolm pokwera, inkalipiridwa ndi ndalama yomweyo, ndiye ibwezedwe. Ngakhale chithandizo cha lendi chinatsika.

"Ndinakuuza chiyani ine?" a Bev ankatero madzulo aliwonse, akumenyetsa zitseko za kabati. "Palibe chodandaula! Nayo mbale, udye palibe chodandaula wakoyo, tione ngati ukhute."

Tsiku lina a Malcolm anangomuuza Keeley kuti, "Amayi ako akunena zoona. Ndi pakamwa pangapa." Keeley anathawira kuchipinda chake ati kukawerenga.

Lachiwiri lililonse muholo ya tchalitchi munkakhala a Maureen Tindall, mayi wopuma pantchito amene ankathandiza anthu kulemba madandaulo. Onse atatu anapita kumeneko. A Maureen anayala makalatawo patebulo n'kupukusa mutu.

"Ndi mmene zimakhalira, ikagwa imodzi zonse zimatsata. Koma mwezi usanathe tikhoza kupempha kuti aonenso. Tandiuzani, pafomu paja munalemba za tsiku loipitsitsa? Fomu imene ija salembera tsiku labwino."

"Zonse tinalemba," anatero a Malcolm. "Mwana wangayu analemba zonse, ndi zamanyazi zomwe. Ine ndi amene ndinaononga pafoni."

"Ndiye n'zodabwitsa. Foni yokha siingagwetse zonse." A Maureen anamuyang'ana Keeley pamwamba pa magalasi. "Ndi choncho, mwanawe?"

Mpata unali umenewo. Amayi ake ankamuyang'ana monyadira, bambo ake nawo chimodzimodzi, ndipo kumbuyo kunali anthu ena pamzere. Keeley anagwedeza mutu kuvomera. A Maureen analemba dandaulo lonena kuti a kuofesi sanalabadire zimene zinali pafomu.

Galimoto anadzaitenga Lachinayi lina kukugwa mvula. A Bev anapeza ntchito kunyumba yosungirako okalamba, ndipo ankanyamuka kusanache bwino. "Ndikasambitse abambo a eni ake, wanga ndamusiya pampando," ankatero akufufuza makiyi. Ankabwera cha m'ma thuu koloko masana.

Keeley ankasiyira bambo ake tiyi asanapite kukoleji, koma pobwera ankapeza kapu ili yodzaza. Poyamba ankati mwina shuga wachepa. Kenako anazindikira: anasiya kumwa chilichonse m'mawa kuti asafune kuchimbudzi ali okha. Milomo yawo inayamba kung'aluka. Ataona zimenezo anatsimikiza kuti anena zoona za fomu ija. Anakonza mawu ali m'basi, anawakonzanso akutsuka mbale, koma akafika pamaso pawo ankayamba nkhani ina.

Yankho la dandaulo linabwera mu Disembala, amayi ake ali kuntchito.

"Tawerenga, loya," anatero a Malcolm. "Ngati ndi zabwino, ndikuvinira."

Keeley anawerenga mokweza. Chigamulo sichinasinthe. Anapitiriza mpaka pamzere woti, malinga ndi zimene munalemba nokha pafomu, mumasamba nokha. Pamenepo anaima.

"Abodza amenewo," anatero bambo ake. "Tinalemba zimenezo ife?"

"Si abodza, adadi."

"Ukuti bwanji?"

"Zimene munanena zija sindinalembe. Ndinalemba zina. Ndinalemba kuti mumatha."

Bambo ake anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Keeley ankafuna akanamukalipira, koma iwo anangopukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndiye miyezi yonseyi amayi ako akhala akundikazinga ine, iwe uli phee pamasitepepo?"

"Pepani."

"Mawu amene aja ndinawanena kamodzi kokha moyo wanga wonse. Adokotala omwe sindinawauze. Ndinauza iwe." Anapuma pang'ono. "Unachita nane manyazi?"

"Ayi! Sindinkafuna kuti anthu achilendo awerenge. Ndinkati akusekani."

Ankanena zoona, koma osati zonse, ndipo ankaona kuti bambo ake akudziwa. Iwo anatembenukira kuwindo.

"Amayi ako uwauze wekha. Limeneli sindikusenzera."

Keeley anawauza amayi ake madzulo omwewo. A Bev sanakuwe. Anakhala pansi yunifomu ili m'thupi, n'kunena kuti, "Kulakwa ndi kwanga, ndinatuma mwana ntchito ya akulu." Kenako ananyamuka, anakaima kuseri kwa mpando wa amuna awo n'kuwagwira phewa. Usiku umenewo sanamuyang'anenso Keeley.

Lachiwiri anabwereranso kuholo ya tchalitchi, ulendo uno pa takisi. Keeley anafotokoza yekha, maso ali pa nsapato zake. A Maureen anamvetsera mpaka kumapeto.

"Si iwe woyamba, mwanawe. Koma ukanandiuza mu Okutobala, tikanalemba dandaulo lina, mwina bwenzi zitatha." Anatembenukira kwa a Malcolm. "Tsopano kwatsala bwalo la apilo. Mudzadikira miyezi yambiri, ndipo zina zonse zija zidikira nanu. Kumeneko mudzakhala pamaso pa anthu atatu, woweruza, dokotala ndi wina wodziwa za ulumali. Adzakufunsani za kubafa ndi kuchimbudzi, ndipo mudzayankha ndi pakamwa panu. Nthabwala ayi."

"Anthu atatu," anatero a Malcolm. "Bwanji osangoitana tauni yonse?"

"Tiyambe ndi ine kaye. Mundiuze zonse, ndizilemba mmene mwanenera."

Keeley anasendeza mpando wake pafupi. Ankafuna kukhalapo, kuti amve mawu aja kachiwiri osaweramitsa mutu. Koma bambo ake anafufuza m'thumba la jasi n'kutulutsa tindalama tasiliva.

"Keeley, pita ukadzigulire tiyi uko. Tikamaliza tikuitana."

"Ndikhoza kukhala, adadi. Sindichita kanthu."

"Ndikudziwa, mwanangu. Pita."

Sananene mokwiya. Keeley analandira tindalamato n'kutuluka. M'khonde munali benchi yozizira ndi mzere wa anthu onyamula maenvelopu abulauni. Tiyi sanagule. Anakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko chotseka, pomwe ankamva mawu a bambo ake akukwera ndi kutsika, koma osamva zimene akunena.