Kachitsulo m'Thumba la Ovololo

"Achemwali, muuzeni mlongo wanuyo akweze mbali yakeyo. Kathovu ka m'levulo yoyezerayi kathawira kwa ine," anatero Amisomali.

Achemwali sanadzutse n'komwe mutu pa makina awo osokera. "Wamva, iwe? Akuti ukweze."

"Auzeni kuti ndakweza kale. Pansi pano m'popendekeka, ndipo simentiyi anathira okha," anayankha Likhweru.

"Mwamva, inu? Akuti simenti munathira nokha. Koma abale inu, ine ndasanduka lamya? Anthu mwayandikana mpaka kupumirana, koma mawu akazungulire kaye kwa ine!"

Atatuwa anali a mimba imodzi, ndipo shopu ya ukalipentalayi anawasiyira malemu bambo awo. Wamkulu mwa amunawo ankadziwika kuti Amisomali, chifukwa akamagwira ntchito pakamwa pawo sipankasowa misomali, ndipo mawu ankatuluka apo ndi apo. Mng'ono wawo anali Likhweru, amene puleni yake yopalira matabwa sinkayenda popanda kanyimbo ka pamilomo. Achemwali awo, oyamba kubadwa, anali ndi ngodya yawo pafupi ndi zenera, posokera makushoni a mipando.

Tsikulo ankaimika sowo yatsopano. Sinali ya patebulo imene anaizolowera ija. Iyi inali chimango chachitsulo chachitali, choimirira motsamira khoma. Bodi lathunthu unkaliimika pa timawilo ta m'munsi, mota yokhala ndi mano n'kumatsika pa mapaipi awiri kuchokera kumwamba. Ukafuna kudula m'litali mwa bodi, unkatembenuza motayo kuti mano agone chopingasa, n'kuikhoma kuti isasunthe, kenako n'kumakankha bodilo pa timawilo.

Sowo imeneyi ndi imene inawadanitsa. Kuti ipeze malo, Amisomali anatulutsa tebulo lopalira la malemu bambo awo osafunsa munthu, n'kulisiya kuseri kwa shopu, mvula n'kulipeza komweko. Likhweru ataliona litafufuma anapsa mtima. "Kodi shopu ino ndi yanu nokha, achimwene?" anafunsa choncho pamaso pa kasitomala. Amisomali analavula misomali n'kuyankha kuti, "Wofuna kulamula akatsegule yake." Kuyambira pamenepo panalibenso moni. M'mtima mwawo Amisomali ankadziwa kuti za tebulo analakwitsa, koma kupepesa mwana amene anamuphunzitsa okha kugwira hamala ankakuona ngati kuvula pagulu.

Ngakhale anali ndi mkwiyo, Likhweru sowoyo anaiika mosamala. Anaboola pansi n'kumanga miyendo yake ndi mabawuti, kumwamba n'kuikolekera kukhoma kuti bodi lolemera lisadzaigwetse. Anayesa waya amene amabweza mota kumwamba, akuikoka n'kuiperekeza, mpaka anakhutira kuti singagwe yokha. Anasesa kumanja ndi kumanzere kuti bodi lizikhala ndi njira. Pomaliza anatsegula chivundikiro cha mano n'kuloza kachitsulo kokhota, kopyapyala, kokhala kumbuyo kwa manowo.

"Achemwali, auzeni kuti aka sikochotsa. Podula m'litali, chidutswa cha pamwamba chimalemerera mano. Aka ndi kamene kamagwira mpatawo kuti usatsekeke. Kakachoka, mano amaluma bodi n'kulibweza kwa wokankha."

"Muuzeni kuti matabwa ndinayamba kudula iye akuyamwa," anatero Amisomali.

"Zimenezo sindinena," anatero achemwali. "Paja amati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma awa anga ngachilendo. Onse angoti duu, ndikulira ndine nkhuku yaikazi."

Masabata anapita, sowo ikugwira bwino ntchito. Mabodi amene kale ankawanyamula awiri kuwakweza patebulo, tsopano munthu mmodzi ankangowakankha. Ichinso chinathandiza kuti udaniwo ukhalitse, chifukwa panalibenso chowakakamiza kunena kuti "gwira uko". Amisomali ankamusowa mng'ono wawo, ndipo nthawi zina ankadzipeza akumvetsera kanyimbo kake atayimitsa hamala m'mwamba. Koma akatembenuka, nkhope ankaimanga.

M'mawa wina Likhweru anayendera sowoyo monga mwa masiku onse, waya, chivundikiro, kachitsulo, kenako anapita kukayeza khitchini kunyumba ya kasitomala. Amisomali anatsala akudula mabodi oyera osalala a makabati. Bodi lina linalowa mokhota n'kupinda kachitsulo kaja pang'ono, ndipo kuyambira apo kankakanda nkhope ya bodi lililonse, kusiya mzere wonyansa. Anazimitsa, anazula pulagi, anakamasula, n'kukaponya m'thumba la ovololo kuti akawongole akamaliza. Chivundikiro anachibwezera bwinobwino. Mabodi otsalawo anawadula mwakale, akulowetsa timatabwa tosongoka mumpata kuti usatsekeke, ndipo zonse zinayenda.

Anati auze achemwali, koma anapeza pangodya palibe munthu. Anali atapita kukagula nsalu. "Akabwera ndiwauza," anadziuza choncho, n'kupita kubenchi yawo kukakhoma madilowa.

Anayamba kufika ndi Likhweru. Analowa akuimba, anakoleka tepi pamsomali, anavala magalasi, n'kukoka bodi lokhuthala, lolemera, la pamwamba pa kabati. Analiimika pa timawilo. Kenako anatembenuza mota kuti mano agone chopingasa.

Amisomali anaona zonsezi. Kachitsulo kaja kankawagunda pantchafu akasuntha mwendo. Anayang'ana kukhomo, achemwali osaoneka. Anatsokomola. Likhweru sanacheuke, poti m'shopu ya utuchi kutsokomola si nkhani. Anamenya hamala mwamphamvu pabenchi, koma nayonso hamala ndi mawu a tsiku ndi tsiku. "Aona yekha," anaganiza choncho. "Si uja amayang'ana chilichonse ngati dokotala? Ndikayamba ndine kuyankhula, achemwali adzandiseka mpaka kukalamba. Komanso adzati ndachotsa chimene anandiletsa." Misomali inali pakamwa, ndipo sanailavule.

Koma Likhweru anali atayang'ana kale m'mawa, ndipo chivundikiro chinali chotseka monga anachisiyira. Anayatsa.

Bodi linalowa bwino. Likhweru ankalikankha ndi dzanja lamanja kumapeto kwake, akuyenda nalo pang'onopang'ono. Litapitirira theka, kulira kwa mota kunasintha, kunakhala kobanika. Apo m'pamene Amisomali analavula misomali n'kukuwa kuti, "Iwe!" koma mawuwo anatulukira limodzi ndi phokoso. Bodi lonse linabwerera m'mbuyo pa timawilo ngati lamenyedwa theche, n'kukapanikiza dzanja lija pa mzati wachitsulo wogwira denga.

Amisomali sakumbukira m'mene anazimitsira sowo. Amakumbukira kuti anamunyamula mng'ono wawo ngati khanda, akuyankhula osalekeza. "Limba mtima, mwana wa mayi anga. Usayang'ane dzanjalo, yang'ana ine. Tafika, tafika pompano." Mawu onse amene anawaumira masabata aja anatuluka panjira yopita kuchipatala, opanda ntchito.

Kuchipatala anakhala pabenchi ya m'khonde akudikira kuitanidwa. Pamene Amisomali ankawerama kuti amuike bwino mkono, kachitsulo kaja kanapulumuka m'thumba n'kugwa pasimenti, ngwee! Anakatola msangamsanga. Likhweru anali atatsinzina ndi ululu, ndipo iwo anadzitonthoza kuti sanaone.

Madokotala anayesetsa. Dzanja silinadulidwe, koma mafupa a m'chikhatho anali ataphwanyika, ndipo atachotsa pulasitala zala zapakati zinakana kupindika. Likhweru ankatha kunyamula kapu. Puleni ndi tchizulo ayi.

Nthawi yonse imene mng'ono wawo anali kunyumba, Amisomali sanakhale pansi. Kachitsulo anakawongola, kenako anaona kuti sikokwanira, anakagula katsopano n'kukamanga. Tebulo la malemu bambo awo analilowetsa, analiyanika, anapala pamwamba pofufuma paja mpaka linasalala, n'kulipezera malo pochotsa benchi yawo yomwe. Achemwali ankangowayang'ana.

"Mukulikonzera ndani tebulolo?" anafunsa tsiku lina.

"Mwini wake akubwera."

"Mwamuuza zimene munandiuza ine zija?"

"Ndidzamuuza akachira."

"Inu ndi 'ndidzamuuza' wanuyo," anatero achemwali, akudula ulusi ndi mano. "Sanakukwaneni?"

Amisomali ankapita kukamuona Likhweru, atanyamula zipatso, n'kumakamba za mvula, za makasitomala, za mtengo wa guluu. Likhweru ankayankha mwaulemu, mkazi wake akuwathirira tiyi. Anthu ankati ngozi yawagwirizanitsa, paja chibale ndi fupa sichiwola. Amisomali okha ndi amene ankamva kuti ulemu umenewu ndi wa mlendo.

Masana ena Likhweru anatulukira pashopu atavala malaya oyera, opanda ovololo. Anapatsa moni achemwali, anaima pakati pa shopu n'kuyang'ana tebulo lija. Analisisita ndi dzanja lamanzere.

"Mwalipala bwino, achimwene."

"Ndi lako," anatero Amisomali mofulumira. "Ndalibweza. Ndinalakwa kulitulutsa. Ntchito yoyeza ndi kujambula ikhala yako, zodula ndizidula ine. Sowoyi ukafuna tiigulitse, mawa lomwe ichoka."

"Sowo ilibe mlandu. Ndinaiika ndekha, ndikuidziwa."

Amisomali anaona kuti akapanda kunena tsopano sadzanenanso. "Mng'ono wanga, pali chimene sukudziwa. Tsiku lija kachitsulo kaja..."

"Kanali m'thumba mwanu. Ndinakamva katagwa kuchipatala kuja. Kulira kwake ndimakudziwa, ndinakamanga ndine."

Makina a achemwali anaima.

"Kuchotsa sindikukuimbani mlandu," anapitiriza Likhweru, mawu ake ali pansi. "Kanapindika, munafuna kukawongola, aliyense akanatero. Koma munali apo, achimwene. Ndinakuonani m'mene ndinkatembenuza mota, mukundiyang'ana. Ndinaganiza kuti mwina lero mundipatsa moni. Ndinachedwetsa dala kuyatsa."

Amisomali anagwira m'mphepete mwa tebulo. Zoti mwanayo anadikira sankazidziwa, ndipo zinawapweteka kuposa zonse.

"Mukanangoti 'iwe', ndikanacheuka. Ngakhale mukanandituka, ndikanacheuka."

"Ndikhululukire, mwana wa mayi anga."

"Ndinakhululuka kale. Nanenso pakamwa ndinali napo, sindinapagwiritse ntchito. Koma madzi akatayika sawoleka. Ndapeza ntchito kusitolo yogulitsa mabodi, yolandira makasitomala. Ndiyamba Lolemba."

"Ntchito imeneyo ungaigwire konkuno!"

"Ndayesa kuganiza choncho. Koma ndikamva sowoyi ikulira, ndizidzayang'ana thumba lanu. Sindikufuna kukhala ndi mkulu wanga motero."

Anapita pa shelefu yake n'kutsitsa puleni imene bambo awo anamupatsa, ya chigwiriro chakuda ndi thukuta la anthu awiri. Amisomali anaganiza kuti aitenga. Iye anaigoneka cham'mbali patebulo lija, monga anawaphunzitsira bambo awo kuti mpeni usabunthe, n'kuisiya pomwepo. Anatsanzika achemwali, anatsanzika achimwene ake powagwira mkono ndi dzanja lamanzere, n'kutuluka. Amisomali anatchera khutu mpaka mapazi anazimiririka. Kanyimbo kaja sikanamveke.

M'mawa mwake Amisomali anafika molawirira. Anayesa waya, anatsegula chivundikiro, anagwedeza kachitsulo kuona ngati kali kolimba, anasesa njira ya bodi. Misomali anaisiya m'chitini. Ataimika bodi pa timawilo, anatembenukira m'shopu n'kunena mokweza kuti, "Kachitsulo kalipo. Kumbuyo kwa bodi kusakhale munthu. Ndikuyatsa!"

Achemwali anayang'ana tebulo lopanda munthu lija, kenako anayang'ana mlongo wawo. Nthabwala inawafika pakamwa, koma anaimeza.

"Ndamva," anatero. "Yatsani."