Liwu la a Alberto

Ntchito yathu anthu ankaiseka, ndipo ine sindinkawatsutsa. Ine Lillian ndi mnzanga Morgan Njobvu tinali aphunzitsi a zamakompyuta ku yunivesite ku Lusaka, koma theka la chaka tinkathera m'fumbi la ku Nyimba, tikukhoma timabokosi m'makoma a matchalitchi ndi m'mashedi a thonje. Masiku amenewo makopaletivu anali atagwa, alangizi a zaulimi osaonekanso, mlimi ankangodzidzimuka wogula mbewu atafika ndi sikelo yake pa njinga. Kabokosi kathu kanali ndi mabatani awiri basi. Ukadina lobiriwira umanena vuto lako la kumunda, ukadina lofiira umamva zimene ena ayankha. Ife tinkasonkhanitsa zonsezo n'kupatsa kompyuta kuti ifufuze kumene mbozi zayambira ndi kumene mbewu yachinyengo yalowera.

Kumudzi wa Ndake anthu anakana kukhudza batani. Pampingo umene tinafikira ambiri anali mabanja a ku Mozambique amene anatsala nkhondo itatha. Amene anatiimitsa anali a Alberto, mkulu wa mpingo, munthu wamtali wa liwu lolemera ngati ng'oma.

"Kwathu munthu anali kufa chifukwa cha pakamwa pake," anatero. "Wa sikelo akamva kuti ndine ndanena zakuti amaba, inu mudzakhala kuti?"

Morgan anapita kukakonza njira. Munthu akangomaliza kulankhula, kabokosi kankapotoza liwu lake kukhala lina, lopyapyala, losadziwika ngati ndi la mwamuna kapena la mkazi, ndipo lenilenilo kankalifufuta pomwepo. Dzina osalemba. Tinalonjeza zimenezi pamaso pa mpingo wonse. A Alberto anayesa okha, ndipo atamva kaliwu konga ka udzudzu kakubwereza zimene ananena, anaseka mpaka kupukuta misozi. Kuyambira pamenepo ankadina batani Lamulungu lililonse.

Anamwalira chaka chotsatira nthawi yokolola, ife tili ku Lusaka.

Titabwerera, mwana wawo Joana anadzandipeza ku Petauke, panyumba ya alendo imene tinkafikira. Anabwera pa lole ya chimanga, tsitsi lometa pamaliro litangoyamba kumera, khanda kumbuyo.

"Amai, ndabwela kutenga liwu la atate," anatero atakhala pansi. "Chithunzi chawo tilibe. Uyu anabadwa iwo ali m'chipatala, sanaonane. Ndifuna akakula adzamve agogo ake."

Mtima wanga unasweka. Yankho ndinkalidziwa, komabe ndinathamangira kwa Morgan ngati chitsiru.

"Bweza liwu lija mmene linalili."

"Sizingatheke, Lillian. Ndinapangira dala kuti zisatheke."

"Iwe, usandiuze za dala! Si ndiwe unalipotoza? Liwongole!"

"Ndikanasiya njira yoliwongolera, wina aliyense akanaipeza," anatero motsitsa, maso ali pansi. "Unalipo pamene tinkalonjeza."

Ndinamukalipirabe ngakhale sanalakwe. M'mawa mwake tinanyamula Joana pagalimoto mpaka ku Ndake. Ndinamasula kabokosi ndekha, poganiza kuti mwina penapake panatsalira kachidutswa. Ayi ndithu! Zipangizo zathu zina zonse zinkafa ndi fumbi, mabatire ankatupa, chiswe chinkadya mawaya. Chokhacho chofufuta ndicho chinagwira ntchito yake mosaphonya, ndipo tsiku limenelo ndinachida.

Chotsala chinali kumvera. Tinakhala pabenchi m'tchalitchi, ndinamuveka Joana zomvera m'makutu, n'kuyamba kutsegula zimene anthu analankhula m'kabokosi, china pambuyo pa chinzake. Anthu a mudzi wonse anali mmenemo, onse ndi kaliwu kamodzimodzi. Wina akudandaula za nsabwe za m'thonje, wina za feteleza wofika mochedwa. Joana ankangopukusa mutu, ine n'kudina china. Dzuwa linapendeka. Khanda linalira, analiyamwitsa osavula zomverazo.

Mwadzidzidzi anandigwira dzanja, zikhadabo mpaka kundilowa. Ndinakweza kuti nanenso ndimve.

"Joana wanga ali ndi pakati," kanatero kaliwu kaja. "Chaka chino ndifuna ndilime nshawa zambili, za phala la mwana. Ndiuzeni mtundu umene ucha msanga, chifukwa ine thupi silili bwino, sindifuna kuchedwa."

A Alberto ankaopa kudziwika kuposa wina aliyense, koma apa anatchula mwana wawo ndi dzina. Morgan anatuluka panja. Ine misozi ndinaisiya itsike, ndinalibe mphamvu yoibisa.

Joana anapempha kuti ndibwereze. Ndinabwereza, anapemphanso. Kenaka anavula zomvera zija n'kuziika pabenchi mosamala.

"Zonena ndi zawo," anatero. "Koma uyu si atate."

Ndinamufunsa ngati ndimuikire pa kaseti kuti apite nazo. Anakana.

"Mwana angadzaganize kuti agogo ake anali kulankhula telo. Ndidzamuuza ndekha."

Anamutembenuza mwanayo n'kumuika pamiyendo, namuyang'ana m'maso. Anakokera chibwano pansi, natsitsa liwu lake mmene akanathera kuti lifanane ndi la a Alberto.

"Chaka chino ndifuna ndilime..."

Analekeza pomwepo, napukuta kumaso ndi chitenje, nayambanso.