Makina a mpweya a Venancio

Venancio ndi mkazi wake Hermínia anathawa nkhondo ku Tete n'kudzapeza kachipinda kuseri kwa golosale ina pa malire a Mwanza. Magetsi analimo, koma zenera linayang'ana kumseu, ndiye fumbi ndi utsi wa matiraki zinkangolowa ngati kwawo. Venancio anali ndi mphumu. Pofika m'chilimwe, kupuma kunasanduka ntchito.

A Langton, dalaivala woyenda ku Harare, ndi amene anawauza za makina oyeretsa mpweya. Ati kabokosi chabe, kamameza fumbi la m'chipinda munthu n'kupuma bwino.

"Akale alipo pompano," anatero a Langton. "Anali a mkulu uja wa sitolo ya nsalu, anamwalira mwezi watha, ndiye akazi awo akugulitsa. Mukafuna atsopano mudikire, ndikabwere nawo ku Harare."

Hermínia sanafune zodikira. "Bambo, titenge akalewo. Mawa lomwe mupumako."

"Iwe, munthuyo anafa ndi chifuwa," anayankha Venancio, akupumira pakati pa mawu. "Mpweya wake womaliza uli momwemo. Ndizipuma wa womwalira ine?"

Anali makani, tisanamizane. Koma munthu amene walandidwa nyumba, munda ndi abale, mumusiyireko kanthu kamodzi koti akane. Anagwirizana zodikira atsopano a ku Harare.

Masiku amenewo matiraki ankadutsa mseu wa Tete pamodzi, moperekezedwa ndi asilikali, ndipo kukaopsa ankaima osanena tsiku lonyamuka. A Langton anakakhalitsa. Hermínia ankanyowetsa chitenje n'kutchinga pazenera, chikauma ankachinyowetsanso. Venancio anamwalira mvula isanagwe. Anamuika anthu achifundo a kutchalitchi, amene ngakhale dzina lake ankalitchula mophonya.

A Langton anafika maliro atatha kale, katoni ya makina atsopano aja ili m'manja. Atamva, anavula chipewa, anaisiya pakhomo n'kubwerera.

Hermínia anaisenza kupita kwa a Flossie, oyandikana nawo, amene mwana wawo wakhanda ankatsokomolanso.

"Tengani, amuthandiza mwanayu. Onani, pulasitiki yake sitinang'ambe n'komwe."

A Flossie anabweza manja kumbuyo. "Pepani achemwali, mwachita bwino ndithu. Koma paja anagulira malemu. Bambo a kunyumba kuno sangalole."

Hermínia sanatsutse. Anaisenzanso katoniyo dzuwa lili pamutu, kudutsa osintha ndalama amene sanamucheukire. Kusungulumwa kunamugwira kwenikweni pamenepo, chifukwa m'Mwanza monse munalibe munthu woti akamudandaulire.

Atafika anatseka chitseko, anang'amba pulasitiki ija, anaika kabokosiko pamphasa mbali imene Venancio ankagona, n'kuyatsa. Kanayamba kukoka mpweya ndi kuutulutsa, pang'onopang'ono, mosavutikira. Hermínia anakhala pansi pambali pake n'kumamvetsera. Chimwalirire mwamuna wake, aka kanali koyamba kumva wina akupuma m'chipindamo.