Guluu pa Mphambano

Zaka zonse za ukwati wawo, a Verna Halvorson ankati sitima zoseweretsa za amuna awo, a Milt, ndi mkazi mnzawo, ndipo ankanena pamaso pa alendo, osanong'ona. Chipinda chapansi pa nyumba yawo ku Duluth chidalandidwa ndi tinjanji, timapiri tapepala ndi titauni ta anthu otalika ngati chikhadabo. Lachinayi lililonse anzawo a mwamunayo, a Gordy ndi a Lyle, ankatsikira kumeneko kukayendetsa sitima ndi a Milt, kumwa khofi, ndi kukangana za nthawi ngati kuti m'timabogimo muli anthu enieni ochedwa kuntchito.

Ndiye tsiku limene a Milt adakwera masitepe n'kunena kuti zonse zatha, mkaziyo akadayenera kuvina. Sadavine.

"Mphambano yaikulu ya njanji ija yafa," adatero a Milt akudzigwetsa pampando. "Timalilime take tokhotetsa sitima sitikusunthanso. Anyamata ndawaimbira kuti asabwerenso. Kukafunda ndiphwasula zonse."

"Osagula ina bwanji?"

"Yamkuwa? Yokhota chonchija? Adasiya kalekale kupanga. Njanji zamasiku ano n'zazifupi msinkhu, sizigwirizana ndi zanga."

"Inuyo, munthu woyenda mpaka ku Fargo kukasaka kanyumba ka pasiteshoni, lero mwagonjera kachitsulo kamodzi?"

"Verna, ndati yafa. Khofi alipo?"

Lachinayi lidafika, nyumba ili zii. Linzake chimodzimodzi. A Milt ankangokhala pazenera kuonerera chipale chofewa chikukwirira msewu, ndevu osameta. Apa a Verna adachita mantha enieni. Adaona kuti popanda phokoso lapansi lija mwamuna wawo akuzima pang'onopang'ono, ndipo anzake akazolowera kupita kwina sadzabweranso. Koma chidwi nacho chidawagwira. Chinthu chogwira ntchito zaka zonsezi chimafa bwanji tsiku limodzi, osayamba chadwala?

Loweruka m'mawa, a Milt ali kosamba, a Verna adatsika ndi mpeni wopakira batala. Mphambanoyo sidavute kuipeza. Inali pamene njanji imagawikana, ina kuzungulira tauni, ina kulowa m'phanga la phiri kuseri kwa makina otenthetsa nyumba. Adakankha timalilime ndi chala, koma tidangoti gwa. Adaizula mosamala, akupepesa chamumtima, n'kuikulunga m'kansalu kopukutira mbale.

Tsikulo ku holo ya sukulu ina kunali msika wa anthu a sitima, umene kale a Milt sankauphonya. A Verna adayenda tebulo ndi tebulo pakati pa madala a zipewa zamizeremizere. Woyamba adaseka: "Mkuwa? Mayi, zimenezo zidapita ndi agogo anga." Wina adawaonetsa yowongoka. Wina adatulutsa yokhota ndithu, koma yokhotera kumanzere. Chodabwitsa n'chakuti zidayamba kuwakomera. Sankadziwa kuti njanji nazo zili ndi mitundu ndi mibadwo, ndipo adadzipeza akufunsa mafunso osakhudzana n'komwe ndi chimene adabwerera.

Kumapeto kwa holoyo kunali mayi wina, a Roz Tibbets, akudya sangweji pamwamba pa katoni ya njanji zakale.

"Tabweretsani kuno malirowo tiwaone," adatero a Roz.

Adaitembenuza, kuiyang'ana powala, kenaka kuikanda ndi chikhadabo.

"Iyi sinafe ayi. Yangomwa guluu."

"Guluu?"

"Woyera uja, womatira timiyala m'mbali mwa njanji. Aliyense wa ife adalakwitsapo kamodzi. Kadontho kakathawira pa timalilime, basi, mawa lake mphambano yauma. Kaivikeni m'madzi ofunda, idzuka. Bambo akunyumba angoyamba kumene?"

"Kuyamba? Adayamba ine ndilibe imvi n'imodzi yomwe."

"Timiyala adathira liti?"

"Kalekale, ana athu akadali kusukulu."

A Roz adaikandanso n'kugwedeza mutu. "Komatu guluuyu ndi wa chaka chino. Ndipo si kadontho. Wothirayo ankadziwa pothira." Adaluma sangweji yawo. "Ine sindinanene kanthu, mayi."

Kunyumba a Verna adaiviika m'mbale yophikira makeke, ndipo posakhalitsa timalilime tija tidayamba kusewera uku ndi uku. Koma funso lidakula m'malo mochepa. Munthu amapheranji chinthu chimene amachikonda? Adatsikanso, n'kuima pamalo pomwe adazula paja, kutsatira njanji ndi maso mpaka pamene imamezedwa ndi phanga. Nanga sitima ikagwera m'katimo, amaitulutsa bwanji? Adawerama n'kukweza nsalu yotchinga kunsi kwa tebulo. Kunali kanjira kokwawa, kopanikiza, pa simenti yozizira. Chapakati pake panali kabogi kamalasha kogadabuzika, ndipo pambali pake magalasi amene a Milt ankati adawaiwala kutchalitchi, diso limodzi litang'aluka.

Mtima udawapweteka. Adakwera, n'kuika magalasi ndi mphambano yonyowa patebulo patsogolo pa amuna awo.

"Mudagwa liti?"

A Milt adatola magalasiwo. "Sindidagwe. Kulowa ndidalowa bwinobwino. Kutuluka ndiye chiuno chidakana. Inu munali kukwaya. Ndidagona pasimenti paja ngati kamba wogadamitsidwa mpaka mwendo udandimvera chisoni."

"Osandiuza ine? Osawauza anzanu?"

"Lamulo lathu simulidziwa? Sitima ikagwa m'phanga, wokwawa ndi mwini njanji. Mlendo salowa kunsi kwa tebulo la mnzake. Ndiime pamaso pa Gordy ndizinena kuti thandizeni agogo? Ndimati ndingotseka njira yakuphanga. Nditathira guluu m'pamene ndidaona kuti akandifunsa ndilibe yankho. Ndiye ndidati yafa."

"Wokwawa ndi mwini, mwatero?"

"Eya."

"Chabwino. Metani ndevuzo, mukuoneka ngati wothawa kundende. Kenaka mukabwezere ichi pamalo pake, ine ndikugwirirani nyali. Anyamata anuwo ndiwaimbira ndekha."

Lachinayi a Gordy ndi a Lyle adafika akukuntha chipale kunsapato, a Gordy pakamwa patsogolo.

"Akufa adzuka eti?" adakuwa a Gordy. "Iwe Milt, yamkuwa waipeza kuti? Wakafukula kumanda?"

"Yendetsa sitima, mdala, usatichedwetse," adayankha a Milt.

Sitima yamalasha idanyamuka, kudutsa tauni, kufika pamphambano. Timalilime tidati tcha, iyo n'kukhotera kuphiri. A Verna, amene adatsika ndi khofi, adaima pomwepo kuitsata ndi maso. Ulendo woyamba idatulukira mbali inayo bwinobwino. Wachiwiri idalowa, kudamveka kuti khwe, ndipo sidatulukenso.

Onse adatembenukira kwa a Milt, monga mwa nthawi zonse. Nkhope ya a Milt idafiira mpaka m'makutu.

A Verna adatula khofi, kukwinya manja a juzi, n'kugwada patsogolo pa nsalu ija.

"Aaa, mlamu, ayi!" adatero a Gordy. "Lamulo limati mwini wake."

"Mwini wake ndi ameneyo," adayankha a Milt. "Ine chiuno chidakana, anyamata. Kumeneko sindingalowenso. Mphambano ija ndidaimata ndekha."

A Lyle, amene tsiku lonse sanena mawu okwana dzanja, adavula chipewa n'kukanda dazi.

"Nanga iwe umayesa phiri la pa njanji zakwathu lija ndidaligumuliranji?" adatero. "Ndidakuuzani kuti ndi mbewa. Kwathu kulibe mbewa."

A Gordy ndiwo adayamba kuseka, kenaka onse atatu, chiseko cha misozi chomwe a Verna anali asanachimvepo m'nyumba muno. Mayiwo anali atalowa kale mumdima, mawondo akuwawa pasimenti, dzanja likufufuza m'mimba mwa phiri. Adasangalala kwambiri, ngakhale fumbi lidawatsamwitsa.

"Verna!" adaitana a Milt kuchokera pamwamba. "Mukaigwira, musaikoke. Inyamuleni chamutu."

"Khalani chete inu," adayankha a Verna. "Ndikuona kaye mmene mudamangira kunoku."