Mabatire a Pansi pa Chishalo

Njinga yamoto ya pashelefu inayamba kulira yokha maliro atatha kale, anthu atasiya kubwera kudzapepesa. Make Kanyerere anali pantchito yake yosita malaya a anthu, simbi ili m'manja, pamene anangomva kumbuyo kwake: vuu, vuu-vuuu! Nyali yakutsogolo inayaka n'kuwalitsa khoma, kenako zii.

Kanyerere, kamtsikana ka zaka zitatu, kanataya supuni n'kuthamangira kuchitseko.

"Adadi! Adadi abwera!"

Sinali njinga yokwera munthu. Inali yomanga pamanja, yofiira, yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, yolemera ngati khanda. Bambo ake a Kanyerere ndiwo anaimanga. Ntchito yawo inali yoperekera anthu katundu m'tauni pa kanjinga kamoto kotsokomola ngati nkhalamba, koma mtima wawo unali pa yofiirayi. Mwezi uliwonse kunkabwera kabokosi ka tizidutswa: ulendo uno matayala, ulendo wina thanki, ulendo wina timawaya toonda ngati tsitsi. Lamlungu masana ankayala nsalu yoyera patebulo, kusanja timasikuluwu m'thileyi ya mazira, n'kuwerama pamenepo lilime lili panja.

"Bambo wamkulu ndi ndevu zake, kusewera ndi chidole," mkazi wawo ankatero.

"Chidole ichi? Taonani tcheni, mfundo iliyonse ndalumikiza ndekha. Mabuleki akugwiranso."

"Ngati akugwira, tikwezeni tipite kumsika."

Ataimaliza, anapeza masewera atsopano. Akaweruka kuntchito ankakwera masitepe mwakachetechete, kulowa chisoti chili kumutu, n'kudina kabatani ka pahandulo. Njinga ikalira, mwana ankatulukira kulikonse kumene ali n'kudzawakwera m'miyendo. Masewerawo sanakhalitse. Lole ina inawapeza pamphambano, ndipo chisoti chokha n'chomwe chinabwera kunyumba chili bwinobwino.

Tsiku loyambalo make Kanyerere anaimika simbi, anamunyamula mwana pachitseko, n'kumupatsa nthochi kuti aiwale. Iye sanali munthu wokhulupirira zamizimu. Chinthu chikalira, ndiye kuti muli mabatire, mabatire amachotsedwa. Anaitsitsa njinga ija, anaitembenuza chagada, anayang'ana pansi pa injini, kumbuyo kwa nambala, m'mbali mwa thanki. Kachitseko ka mabatire sanakaone. Anaibwezera pashelefu.

Mawa lake inaliranso. Mkuja wake inalira kawiri. Ulendo uliwonse mwana ankaima pachitseko, chala m'kamwa, kumvetsera masitepe, mpaka miyendo itatopa.

Anaifunditsa bulangete, koma nyali inkaonekerabe ngati diso. Anaiika m'kabati ya zovala, pakati pa malaya a malemu, n'kutseka. Kumeneko ndiye kunali kulakwitsa. Kulira kwa m'kabati kunkamveka kutali, kotsekeka, ndendende njinga yeniyeni ikamakhota kumapeto kwa msewu kubwera kuno. Tsiku limenelo si mwana yekha amene anatembenukira kuchitseko. Nayenso anapezeka waimika simbi, dzanja lili kutsitsi kulikonza.

M'kupita kwa masiku anazindikira chinthu. Nyumba yawo inali yapamwamba, pansi pake pali mashopu, ndipo lole yolemera ikadutsa mumsewu magalasi a mawindo ankanjenjemera. Lole ikadutsa, njinga inkayankha. Kudziwa zimenezi sikunamuthandize. Pa zinthu zonse za padziko, bwanji iziyankha lole?

Kanyerere ndiye anaulula kwa agogo ake.

"Adadi amalira m'kabati."

Apongoziwo anali mayi wamtali, wosalankhulalankhula, amene pamaliro a mwana wawo sanagwetse msozi pagulu. Anamuyang'ana mpongozi wawo nthawi yaitali.

"Mwana wanga mwamutsekera m'kabati?"

"Amayi, ndi mawaya chabe. Lole ikadutsa..."

"Mutulutseni."

Njinga inabwerera pashelefu. Kuyambira pamenepo mayiwo ankabwera masana aliwonse. Ankakokera mpando kutsogolo kwa shelefu, chikwama pamaondo, tiyi akuzirala pambali. Ikalira ankatsinzina, milomo ikugwedera, n'kunena pansipansi kuti, "Ndamva, bambo. Ndamva." Mwana ali kuchitseko, agogo ali kushelefu, make Kanyerere ali pakati ndi simbi yake, akusita kolala imodzimodzi mpaka kuwala.

Mawu a njinga aja anayamba kusintha. Poyamba anali akuthwa, aukali. Tsopano ankatuluka mokoka, mokhuthala, ngati munthu amene akukonza kukhosi asanalankhule. Nyali nayo inasanduka yachikasu.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wina kudzatenga madiresi ake. Anaima pakhomo, chitseko chili pululu, akudandaula za batani limene ankati lasowa. Pansi panadutsa lole ya simenti. Njinga inabuula. Make Kanyerere potembenuka, pamkeka pamene mwana ankasewera panalibe munthu. Anangomva timapazi pamasitepe, phaphapha, kutsika.

Momwe anatsikira masitepewo sakumbuka. Anatulukira pakhonde n'kuona wamafoni, wa shopu yapansi, atagwada m'mphepete mwa msewu, dzanja limodzi litakoka diresi la mwana kumsana. Minibasi inali itaima chopingasa, dalaivala akutukwana pawindo. Nsapato imodzi ya Kanyerere inali pakati pa tala.

"Ndimakawachingamira," mwana anatero, akudabwa chimene akuluakulu akunjenjemerera.

Wamafoni anawalowetsa m'shopu mwake. Anali mnzawo wa malemu, ndipo ndiye anawaphunzitsa zomangamangazi. Pamwamba pa kauntala, pakati pa mafoni osweka, panali galimoto yake yomanga pamanja, yachikasu, yaphwatalala ngati chule, yopanda zitseko, yodzaza fumbi. Chimwalirireni mnzake sanaikhudzenso.

Make Kanyerere atapezako mpweya anafotokoza zonse. Wamafoni anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

"Alamu, bwanji osandiuza? Ine ndimamva kulirako, koma ndimati ndinu mukudina."

"Ine ndidine? Ndapenga?"

"Pepani. Mabatire ali pansi pa chishalo. Chishalocho chimayenera kumangidwa ndi timasikuluwu tiwiri, kuti munthu azitsegula. Mnzanga uja anatitaya."

"Sanataye. Ndinatisesa ine. Tinali pansi ngati mchenga."

"Kaya. Ine ndinamuuza kuti dikira, tiitanitse tina, kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye ayi, akuti mwana aimve ikulira lero lomwe. Anathira guluu, wamphamvu uja, n'kukanikiza. Ndiye kuti anapana waya pansi pake. Nyumba ikagwedezeka, timawaya tikukhudzana."

"Ndiye titani?"

"Kutsegula kwake n'kuthyola. Chishalo chimenecho sichingachoke chamoyo."

"Nanga tikangodikira kuti mabatire athe?"

"Atha, koma liti? Aja amafa pang'onopang'ono. Akatha amayamba kuchucha, n'kudya mawaya onse m'kati." Anayang'ana mwana, amene anali atayamba kale kuseweretsa tayala la galimoto yachikasu. "Komanso lero ndinali panja chifukwa ndimasuta. Mawa ndikhala m'kati."

"Tiyeni mukathyole."

Wamafoni anatsegula dirowa, anatulutsa kampeni kopyapyala kotsegulira mafoni, n'kukaika pakauntala. Sanamupatse m'manja.

"Ine ayi, alamu. Tsiku limene ankamata ndinali pomwepo, ndikumugwirira njingayo. Mukatenthetse kampenika pasimbi, guluu amafewa. Muyambire kumbuyo."

Masana apongozi anafika monga mwa nthawi zonse. Anapeza njinga ili patebulo, pansalu yoyera ija, simbi itaimikidwa chagada, kampeni kali pamwamba pake.

"Izi ndiye ziti?"

Make Kanyerere anafotokoza za masitepe, za minibasi, za nsapato. Anafotokoza mosakweza mawu, maso ali pansalu. Mayiwo anamvetsera ali chiimire, chikwama chili m'khwapa.

"Muzitseka chitseko," anatero.

"Amayi, pakhomo pano pamabwera anthu tsiku lonse. Ndi ntchito yanga. Ndipo mwanayu wayamba kukokera mpando kuchitseko, afikira loko posachedwa."

"Ndiye ndiitenge ikakhale kwanga."

"Kwanu amabwerakonso. Ndipo kwanu msewu uli pakhomo penipeni."

"Mtsikana iwe." Aka kanali koyamba kumutchula choncho. "Iwe udzakwatiwanso. Udzamva mawu a mwamuna wina m'nyumba. Ine ndidzamva chiyani? Zovala zake sizilankhula. Zithunzi sizilankhula. Chatsala n'chimodzi chokha chimene anapanga ndi manja ake, chimene chimandiyankha, ndiye uchiphe ndi mpeni wa mafoni?"

Make Kanyerere anafuna kunena kuti nayenso amakonza tsitsi ikalira. M'malo mwake anamunyamula Kanyerere pamkeka n'kumuika m'manja mwa agogo ake.

"Khalani pansi, amayi. Mugwireni. Muimve komaliza, ndidina ndine."

Mayiwo anakhala, mwana ali pamiyendo, akuseweretsa ndolo zawo. Make Kanyerere anaika chala pa kabatani kaja. Chimwalirireni mwamuna wake anali asanakakhudzepo. Kanali kosalala, kakang'ono kuposa njere ya mpunga. Anadina.

Njinga inabuula motalika, mokoka, nyali ikuphethira.

Kanyerere anauma thupi lonse. Kenako anayamba kulimbana. Anaponda agogo ake pamimba, anapinda msana ngati nsomba, anakanda mkono umene unamuzinga, khosi litapotokera kuchitseko.

"Ndisiyeni! Apita! Adadi apitanso! Ndisiyeni!"

Mayiwo anagwira ndi manja onse awiri. Mpango unagwa kumutu. Masiku onse aja ankakhala moyang'ana shelefu, maso otsinzina, chitseko chili kumsana kwawo. Nkhope ya mwanayo panthawi ngati iyi anali asanaionepo. Tsopano inali pafupi ndi yawo, yonyowa, mitsempha itatuluka pakhosi. Njinga inasiya kulira, koma mwana sanasiye. Anamenya ndi timanja pachifuwa chawo mpaka mphamvu zinamuthera, n'kutsala akusisima, akuyang'anabe kuchitseko.

Pansi wina ankakoka chitseko cha shopu.

"Chotsani," mayiwo anatero, mawu atasasa.

Make Kanyerere anatenga kampeni ndi nsanza, poti kanali katatentha. Anayambira kumbuyo monga anamuuzira. Guluu ananunkha ngati tsitsi lopsa. Anakankha pang'ono, anatenthetsanso, anakankhanso. Mwamuna wake sankachita zinthu mwatheka. Anali atathira guluu wokwana kumata chitseko cha nyumba. Thukuta linamugwera pathanki, analipukuta ndi chigongono. Kenako chishalo chinati thyo, n'kung'ambika pakati, chidutswa china n'kudumphira pansi pa tebulo.

M'kati munali mabatire atatu ang'onoang'ono, ndi kawaya kofiira kophwanyika pamene chishalo chinakapana. Limodzi linali litayamba kale kutuluka zoyera ngati mchere. Anawatokosa ndi nsonga ya kampeni, limodzilimodzi, n'kugwera pansalu.

Njinga inangokhala pamenepo, yofiira, yokongola, pamsana pali dzenje.

Anasonkhanitsa mabatire aja m'nsanza kuti akataye. Apongozi anatambasula dzanja limodzi, linalo likusisita mwana kumsana.

"Ndipatseni."

"Amayi, awa achucha. Amawotcha khungu."

"Ndipatseni, mwana wanga."

Make Kanyerere anapita kukhitchini, anakhuthula machesi m'kabokosi, anaikamo mabatire atatu aja, n'kukulunga kabokosiko m'pepala lapulasitiki kawiri konse. Mayiwo analandira ndi manja awiri, mwana ali pakati, n'kulowetsa m'thumba lam'kati la chikwama.

"Musamatsegule," make Kanyerere anatero. "Ndipo mukakhudza, muzisamba m'manja."