Chidindo cha Lakiteti

Kwawo ankamutcha Mtsukambale. Dzinali anamupatsa ndi alamu ake atamva kuti dokotala wa m'banjamo sagwira odwala, koma amaswera mu labotale akusamalira timbale tagalasi tolereramo maselo. Iye ankangoseka nawo. Koma bambo ake atagonekedwa m'chipatala ndi bala la pachidendene, lokana kupola chifukwa cha matenda a shuga, nthabwalayo inayamba kumubaya.

Bambowo anali mphunzitsi wa mpira wopuma pantchito, ndipo ngakhale pabedi sanasiye kufunsa ngati akukonzekera masewero.

"Tandiuza bwinobwino, mwanawe. Umafufuza chiyani kumeneko?"

"Lakiteti, ababa."

"Uja amachuluka m'miyendo anyamata akathamanga? Ine ndinkawauza kuti ndi zinyalala za thupi."

"Ambiri ankatero. Koma zaoneka kuti amamatirira pa mapuloteni a m'selo ngati chidindo, ndipo puloteni ikadindidwa imasintha kagwiridwe kake ka ntchito. Asilikali a m'thupi amatha kusiya kumenyana n'kuyamba kukonza pamene pawonongeka. Ndikufuna ndione ngati chidindocho chimachepa m'mabala okana kupola."

"Ndiye wachiona?"

Mtsukambale anayang'ana pansi. Odwala ambiri a m'wodimo anali atavomera kuti anamwino, potsuka mabala awo, azitengako tinyama tochepa n'kutumiza ku labotale m'timabotolo. Kumeneko iye ankatiyeza, makina n'kutulutsa chithunzi. Chidindo chikanakhalapo, pachithunzipo pakanaoneka mizere yakuda. Koma chaka chinali kutha zithunzi zikutuluka zoyera mbee.

Mkulu wa labotale, mayi wodekha wa imvi za patsogolo, anali atamuitanira kale pambali. "Mwayesetsa, achemwali, palibe angakane. Koma fupa lokakamiza limaswa mphika. Bwanji muyambe zina?"

Tsiku limene anacheza ndi bambo akelo anatuluka m'wodi masana, ali wokhumudwa. Pafupi ndi chikepe panaima ngolo ya chipatala, dzuwa la pawindo likuiwomba. Woikankha anali atathamangira kukathandiza kunyamula wodwala. Pamwamba pa ngoloyo panali timabotolo, ndipo anazindikira zolemba za dzanja lake. Anagwira kamodzi. Kanali kofunda.

Anaima chilili. M'maselo muli tinthu tina timene ntchito yake ndi kufufuta zidindo zoterezi, ndipo malinga ngati kanyamako sikanazizire, sitipuma. Pamene timabotolo tinkafika ku labotale, mwina chidindo chinali chitafufutika kale m'njira! Anaseka mokweza, mpaka mayi wokolopa anasiya chokolopera n'kumufunsa ngati kumutu kuli bwino.

M'mawa mwake anafika yekha m'wodi atanyamula chigubu chozizira kwambiri, chofuka nthunzi yoyera. Namwino akangotenga kanyama, iye ankakaponyamo pomwepo, kanyamako n'kuuma gwa. Mayi wina wa pabedi lakukona, telala wa pakamwa posatopa, anakuwa: "Adokotala, mwatibweretsera phala kodi? Ine mundipatse lambiri, dzulo ndagona ndi njala!" Wodi yonse inafa ndi phwete.

Chithunzi choyamba chinatuluka m'mawa wa Lachitatu. Mtsukambale anatseka maso makina akumaliza, kenako anatsegula limodzi. Mizere inalipo. Ya mabala amene ankapola inali yakuda bii, ya mabala okana kupola inali yotuwa, yongooneka pang'ono. Anakhala pampando.

Komabe sanauze munthu. Anabwereza, zinatuluka chimodzimodzi. Kenako anapempha mnzake wa tebulo loyandikana kuti aphimbe zolemba za pa timabotolo n'kutisakaniza, kuti iye ayeze osadziwa kuti aka ndi ka yani. Atavundukula, mizere yakuda inagweranso mbali yomweyo. Apo m'pamene anagogoda kwa mkulu uja.

Mayiwo anavala magalasi, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anaimirira n'kumugwira manja onse awiri. "Ndikanakulakwitsani kwambiri. Zina zonse siyani. Firiji yaikulu ija ndi yanu, ndipo musankhe anthu okuthandizani. Izi tizilembe, anzathu a kwina aziyesenso."

Asanalembe ngakhale liwu limodzi, Mtsukambale anasindikiza chithunzicho papepala lalikulu n'kupita nacho ku wodi. Anaima pakati pa mabedi, nachikweza m'mwamba, n'kufotokoza zimene mizereyo inkasonyeza.

"Ndiye kuti mankhwala apezeka?" anafunsa wodwala wina, dalaivala wa basi, mwendo wake uli pamtsamiro.

"Ayi, achimwene, sindingakunamizeni. Mabala anu apola ndi manja a anamwinowa, ndi kusamala shuga. Sitinadziwenso ngati chidindochi ndicho chimapoletsa, kapena chimangobwera bala likamapola. Koma kale tinkafufuza mumdima. Lero tadziwa poyang'ana, ndipo mwationetsa ndinu."

Telala uja anapempha pepalalo. Analibweretsa pafupi ndi mphuno. "Wanga ndi uti?"

"Mayina tinabisa, mayi. Koma mulimo."

"Ndilimo ndithu? Ine amene sukulu inandikana?" Anayendetsa chala pamizereyo, n'kusankha wakuda kwambiri. "Uwu ndi wanga basi. Mwauona kuwongoka kwake? Msoko wa telala uwu!"

Anthu anaseka n'kuomba m'manja, anamwino nawo anaika mabeseni pansi n'kuombera. Bambo ake anadzuka n'kukhala tsonga, misozi ili m'maso. Anamenya ndodo yawo pachitsulo cha bedi mpaka onse anatembenuka.

"Inu nonse, muoneni bwino ameneyo," anatero. "Ndi mwana wanga ameneyo!"