Z wa Amayi

Ine ntchito yanga ndi yolemba pamiyala. Ambiri amandidziwira kumanda, koma chaka chino ndinapatsidwa ntchito yoti ndi adzukulu anga omwe adzayendera mashashasha: kusema mawu pansi pa chiboliboli cha Aphunzitsi, chimene achiimika kutsogolo kwa laibulale yaikulu.

Aphunzitsiwo sindinawaone ndi maso, anamwalira ine ndikukwawa. Koma ndani sawadziwa? Munthu anakana mpando waudindo katatu. Anakhala m'ndende zaka zisanu ndi zinayi chifukwa cha zolemba zake, ndipo tsiku lotuluka, asanafike kwawo, anayamba wakazonda mlonda wa ndendeyo amene ankadwala. Mawu awo otchuka ana asukulu amawaloweza asanadziwe n'komwe kumanga nsapato: "Wamkulu ndi amene amatsogoza."

Ndinali nditasema mpaka "amatsogo", kutatsala zilembo ziwiri zokha, pamene bambo wa ku laibulale analowa mu shedi yanga ali wefuwefu. Ndimamutcha Achimagalasi. Ndi munthu wabwino, koma akapeza cholakwika papepala amasangalala ngati watola nkhuku.

"Imani kaye, amisiri. Tapeza tsamba limene Aphunzitsi analemba ndi dzanja lawo."

Anandionetsa chithunzi cha tsambalo. Zolemba zake zinali zopendama, koma zowerengeka: "Wamkulu ndi amene amatsogola."

"Mwaona? Ndi l, si z. Wina anaphonya potaipa, dziko lonse n'kuloweza cholakwa. Komiti ya chiboliboli yati museme zimene mwini wake analemba."

Kutsogola n'kuyenda patsogolo, ena nakulondola m'mbuyo. Kutsogoza n'kupatsa ena njira, iwe n'kutsalira. Kachilembo kamodzi, koma nkhani ziwiri zosayang'anana n'komwe. Ndipo pamwala palibe chofufutira.

Amayi anga amakhala pampando pafupi ndi khomo la shedi m'mawa uliwonse, akuluka juzi imene sitha. Achimagalasi atatuluka, ndinaona kuti singano zaleka kulira.

"Tseka chitseko, iwe."

Ndinatseka.

"Wotaipayo ndine."

Ndinkadziwa kuti ali mtsikana anagwirapo ntchito ya taipi kwa Aphunzitsi, koma nkhaniyo ankaizemba ngati chithaphwi. Tsiku limenelo anaikhuthula yonse. Anati tsamba limenelo analitaipa sabata yawo yomaliza pantchito, ine ndili m'mimba, miyendo itatupa. Buku la Aphunzitsi limene ankalitaipalo litatuluka, anaona z uja. Anatseka bukulo ndipo sanalitsegulenso.

"Maso a Aphunzitsi anali atafooka, sanaone. Ndinawaika m'kamwa mawu amene sananene, munthu woti anavutikira mawu ake m'ndende. Mwana aliyense akamalakatula, ine ndimamva ngati akundiloza chala."

"Koma Amayi, l ndi z zili kutali pa taipi. Chala chinaterereka bwanji?"

"Si chala. Mutu unali kwa agogo ako. Tikamayenda ulendo, ankatiika tonse patsogolo, iwo pambuyo penipeni. Ankati woyenda patsogolo saona amene akutsimphina. Ndiye ndikuwerenga za wamkulu, manja anangolemba zimene ankadziwa."

Anapukuta m'maso ndi juzi ija.

"Mawa undiperekeze. Ndikaulule ndekha ndisanafe, iwe useme zoona."

Kunena zoona, ndinawamvera chisoni, komanso ndinaopa. Anthu a tsopano sachedwa kusandutsa nkhalamba choseketsa, ndipo dzina la Amayi likanamveka paliponse ngati la munthu amene anaipitsa mawu a Aphunzitsi.

M'mawa mwake anavala diresi ya kutchalitchi. Achimagalasi anatilandira m'chipinda chapansi cha laibulale, mozizira, monunkha mapepala akale. Amayi anakana mpando. Anaima chilili ngati mwana wasukulu, n'kunena zonse osasiya kanthu.

Achimagalasi anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Ndiye kuti masamba otaipa aja ndi anu? Bokosi lake lilipo, koma sitinalifike. Tinathamangira zolemba pamanja."

Anabwera nalo, navala magolovesi oyera, n'kuyamba kutembenuza masamba achikasu limodzilimodzi. Amayi ankawazindikira ngati ana awo. "Apo chilembo cha e chinkakakamira," anatero chapansipansi. Kenako dzanja la Achimagalasi linaima.

Z uja analipo, atazunguliridwa ndi inki yofiira. Amayi anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Anaona," ananong'ona. "Mayo, anaona."

M'mbali mwa tsambalo munali zolemba zopendama zija, zing'onozing'ono. Achimagalasi anaziwerenga chamumtima, kenako anandipatsa ine. Ndinawerenga mokweza:

"Osindikiza, musakonze. Ndasaka chilembo ichi zaka makumi atatu, m'mabuku ndi m'ndende, osachipeza. Wachipeza ndi mwana amene amanditaipira. Mitu isanu yotsatirayi ndiibweza, ndiyenera kuilembanso. Wina akamuuze kuti ndathokoza, ndamva kuti wapita kukachira."

Achimagalasi anafukula pansi pa bokosi natulutsa mtolo womangidwa ndi chingwe: mitu isanu yakale, tsamba lililonse litadulidwa ndi mzere kuchoka pamwamba mpaka pansi. Masamba oposa zana. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, maso akufa, dziko lonse likumuvulira chipewa, anagwetsa nyumba imene anamanga moyo wake wonse chifukwa kamtsikana ka taipi kanaphonya chilembo, ndipo iye anaona kuti kaphonya molondola.

Ine ndasema mayina a anthu ambiri otchedwa aakulu, ena mwala wake wotalika kuposa ine. Koma ukulu weniweni ndinauona tsiku limenelo, m'mbali mwa pepala, m'malemba ang'onoang'ono ngati nyerere. Ndinazindikira kuti chipewa ndavula kale osadziwa.

Amayi anapempha kugwira tsambalo. Achimagalasi, munthu amene salola ngakhale ntchentche kutera pa mapepala ake, anawapatsa popanda magolovesi.

"Palibe anabwera kudzandiuza," anatero Amayi. "Zaka makumi asanu ndakhala ndikupepesa kwa munthu amene ankandithokoza."

Analira pang'ono, kenako anaseka, kenako ananditembenukira.

"Nanga iwe ukuyang'ana chiyani? Mwala ukukudikira. Ndipo z wakeyo asapendame, ndimakudziwa."

Achimagalasi anati akaitanitsa komiti tsiku lomwelo, ndipo tsambalo aliika m'galasi pakhomo kuti aliyense aziliona. Anafunsa Amayi ngati angalole kuti dzina lawo lilembedwe pambali. Anayankha kuti aganiza kaye, poti mwini wake sanafune mpando, iwo angafune bwanji galasi.

Potuluka, masitepe a chipinda chapansicho ndi opapatiza, okwera munthu mmodzimmodzi. Ine ndi miyendo yangayi ndinazolowera kuthamangira kutsogolo, Amayi n'kumandikuwira kuti ndiwadikire. Anaima pansi pa masitepewo n'kundikodola ndi ndodo.

"Tsogola, ndimachedwa ine."

"Ayi, Amayi. Tsogolani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyamba kukwera. Ndili pambuyo pawo ndi pamene ndinaona kuti mwendo wawo wamanzere ukukoka, ndipo nsapato yake yadyeka mbali imodzi. Timakhala nyumba imodzi, koma sindinkadziwa.